Anatsitsa Kiyi Osandiuza

Lolemba, 3 Juni

Andigoneka. Wodi ya makutu, mphuno ndi pakhosi, bedi nambala 7, pafupi ndi sinki yodontha. Dokotala wandiletsa kulankhula. Kunong'ona komwe akuti ayi, ati kumapweteka pakhosi kuposa kukuwa. Mwana wanga wandigulira kope ili kuti ndikafuna madzi ndizilemba. Zamadzizo ndizilemba kumapeto kwa kope. Kuno kutsogolo ndi kwanga.

Ndili ndi zaka 67. Zaka 45 ndakhala ndikuyimba nyimbo za soul m'mahotela, m'maholo, pa wailesi, ndi pa maukwati a anthu amene anasiyana kalekale. Pa zikwangwani amandilemba kuti Namondwe. Pa kabolodi ka kumutu kwa bedi alemba dzina la pa chiphaso, ndipo alilakwitsa.

Loweruka ndinagwa kuseri kwa siteji nditamaliza nyimbo yachinayi. Sindinakomoke, asamaname. Mpweya unangokana kulowa, ndikaukoka unkalira ngati wenzulo. Dzulo ndinakana kubwera. Lero mwana wanga wachita kundikoka.

BP 158 pa 94. Makilo 57. Jakisoni wochepetsa kutupa m'mawa ndi madzulo. Nthunzi ya mankhwala pa masiki maola anayi aliwonse.

Pa 29 mwezi uno ndili ndi shoo yokumbukira zaka 45, m'holo yaikulu. Diresi linasokedwa kale. Tsikulo ndalilemba ndi zilembo zikuluzikulu n'kumuonetsa nesi wamkulu. Wangoti, "Chabwino agogo, tsegulani pakamwa." Agogo ndi amake. Ndamutcha Sajeni.

Lachiwiri, 4 Juni

Andilowetsa kapaipi ka kamera m'mphuno mpaka kukhosi. Misozi inatuluka yokha, osati yolira. Dokotala wake ndi wa magalasi, wamsinkhu wa mwana wanga, ndipo amalankhula pang'onopang'ono ngati ndine wogontha. Anatembenuza sikirini kuti ndione. Chinthu chimene chandidyetsa moyo wanga wonse ndinali ndisanachionepo: timinofu tiwiri tonyowa, basi. Kumanzere kwake kwamera chotupa chonga njerewere yaikulu.

"Amayi, mawu anayamba liti kusasa?"

Ndinalemba: miyezi iwiri.

Anavula magalasi n'kuwapukuta ndi tayi. "Chimene ndikuonachi si cha miyezi iwiri."

Ndinalemba: ndiye chifunseni chomwecho.

Anafunsa za fodya. Ndinalemba kuti ndinasiya kale. Kale lake sanafunse, ine sindinawonjezere.

Pa bedi 8 pali mayi wosoka zovala, anamuchita opaleshoni ya khutu. Telala ameneyu wandizindikira. Anaomba m'manja mpaka dripu yake inagwedezeka. "Ii, a Namondwe! Ine pa ukwati wanga tinavina nyimbo yanu, Nsapato Zako Pakhomo!" Nyimboyo ndi ya mkazi amene akuthamangitsa mwamuna. Anthu samva mawu, amangovina. Kuyambira masana akuiyimba cham'mphuno, ndipo noti iliyonse akuiphonya.

Lachitatu, 5 Juni

Chipewa wabwera nthawi ya alendo. Ndi woyimba kiyibodi wanga, zaka 38 tili limodzi, kuposa amuna anga awiri aja kuwaphatikiza. Dzinalo ndinamupatsa ndine. Chiyambire dazi lake sanavulepo chipewa pagulu, pojambulitsa chithunzi cha pasipoti anachita kukangana nawo.

Wabweretsa malalanje. Munthu akulephera kumeza malovu, iye malalanje.

"Asisi, anyamata akupereka moni. Pulakatisi tikupanga, musade nkhawa."

Ndinalemba: mukupanga ndi ndani?

Anayang'ana nsapato zake. "Kamtsikana kaja kamayimba kumbuyo kwanu. Kakungokugwirirani malo."

Ndinalemba: kauze kagwire bwino, ndikubwera kudzatenga.

Kamtsikanako ndinakatola ndine, kakuyimba ngati mwana wa mphaka wonyowa. Ndinakaphunzitsa kupuma, kuima, ndi kugwira maikolofoni osaidya. Panopa kamavala ndolo zazikulu ngati zanga.

Chipewa wakhala ola lonse osanena chinthu cha mutu. Nthawi zonse ine ndimalankhula, iye amavomera. Lero ntchito yake yamusokonekera.

Lachinayi, 6 Juni

Osadya kuyambira mbandakucha. Anandigonetsa ndi mankhwala n'kudula kachidutswa ka chotupa kuti akayeze. Ndadzuka m'kamwa muli magazi, lilime ngati chinkhupule. Zotsatira Lachiwiri.

Lachisanu, 7 Juni

Sikani ya khosi ndi chifuwa. Amakulowetsa m'chimphete cha makina n'kukuuza kuti usameze. Kungomva zimenezo malovu amadzaza m'kamwa.

Supu wa chipatala ndi madzi amene anadutsa pafupi ndi karoti. Mwana wanga anabweretsa yogati ndi nthochi yofinya. Ndadya theka. Makilo 56.

Lamulungu, 9 Juni

Kwabwera gulu la amayi opempherera odwala. Anayimba nyimbo zitatu. Woyambitsa anayamba m'mwamba kwambiri, pofika pakati onse anali akukuwa ngati agwidwa ndi chitseko. Mmodzi anandigwira mutu osapempha, n'kusokoneza wigi yanga. Ndinalemba kumapeto kwa kope kuti: muzichita pulakatisi. Anawerenga n'kunena kuti Mulungu amamva mtima. Mwina Iye amatero, koma ine ndili ndi makutu.

Ndinayamba ntchito imeneyi ndili ndi zaka 22, ndikutsuka matambula pa hotela ina. Woyimba wawo analedzera n'kugona m'chipinda chosungira mipando, mkulu wa bandi anati pali wina amadziwa nyimbozi? Ndinakwera pa siteji ndi epuloni. Kuchokera tsiku limenelo sindinajombepo shoo. Ndinayimba ndili ndi malungo, ndili ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu, ndiponso tsiku limene mwamuna wanga woyamba anasamuka ndi firiji. Sindiyamba kujomba chifukwa cha njerewere.

Lachiwiri, 11 Juni

Khansa ya m'kholingo. Ndilemba mmene ananenera, kuti mawa asadzasinthe.

Chotupa chagwira mbali yonse yakumanzere ndipo chalowa m'chichereŵechereŵe. M'chifuwa mulibe kanthu. Njira ya mpweya yatsala ngati kachubu ka bolopeni. Opaleshoni ndi yochotsa kholingo lonse. Ndizipumira pa kabowo ka pakhosi. Mawu sadzabweranso. Akufuna kuchita Lachitatu la sabata yamawa, pa 19.

Ndinaponya kope pa bedi n'kulankhula. Ndi ine ndimadziwa mmene ndinamvekera, ngati munthu akukoka thumba la mchenga pasimenti.

"Mudzadule pambuyo pa 29."

"Amayi, pa 29 simungayimbe. Mwina simungafikeko n'komwe. Njira imeneyi ikhoza kutsekeka tsiku lililonse."

"Inu munayimbapo?"

"Ayi."

"Ndiye musandiuze zimene ndingathe."

Mwana wanga anali akulira pakona ngati walipidwa kuti alire. Anafunsa ngati palibe njira ina. Dokotala anati ikanakhalapo. Ndikanabwera chaka ndi theka chapitacho, akanawotcha chotupa ndi makina, mawu akanatsala. Anatero akundiyang'ana ine.

Fomu yovomereza opaleshoni aisiya pa kabati. Ndaikapo kapu ya tiyi.

Lachitatu, 12 Juni

BP 170 pa 98. Awonjezera piritsi limodzi.

Mwana wanga ndi mphunzitsi, ndiye amaganiza kuti aliyense ndi wa sitandade 3. Wabwera ndi bolopeni m'manja.

"Amayi, sainani. Ndikukupemphani."

Ndinalemba: pambuyo pa shoo.

"Shoo, shoo! Ine tsiku lomaliza sukulu munali ku shoo. Ndikubereka mwana woyamba munali ku shoo. Ndinaleredwa ndi amayi aang'ono, inu ndimakumverani pa wailesi ngati wina aliyense. Panopa mukufuna mukafere pa siteji kuti anthu aombe m'manja?"

Ndinalemba: yunifolomu imene unavala inagulidwa ndi pakhosi pompano.

"Sindinafune yunifolomu, ndinkafuna amayi."

Zimenezi amazinena chaka chilichonse, mawu omwewo, malo opumira omwewo. Zinandipweteka, koma sindinamuonetse. Telala anali atatchera khutu lake labwino lija, akunamizira kusoka batani.

Lachinayi, 13 Juni

Mwana wanga wabweretsa chikwama changa cha ku shoo, chimene chinatsala m'galimoto tsiku ndinagwa lija, poti ndimafuna mafuta anga odzola. M'katimo munalowa fayilo ya Chipewa ya mndandanda wa nyimbo. Munthu ameneyu amalemba chilichonse ndi pensulo, ngakhale tsiku limene anasintha mabatire.

Mwana wanga anatsegula pongofuna chochita. "Amayi, zilembo zofufutidwazi n'chiyani?"

Pambali pa Nsapato Zako Pakhomo panalembedwa A, yokhwatchidwa. Kenako A fulati, yokhwatchidwa. G, yokhwatchidwa. F shapu, yokhwatchidwa. Pomaliza F. Chilembo chilichonse chili ndi deti lake. Loyamba ndi la mu Epulo, zaka ziwiri zapitazo. Nyimbo zonse makumi awiri ndi zinayi zinali chimodzimodzi.

Ndinamulembera kuti amve. Kiyi ndi msinkhu umene nyimbo imayimbidwira. Ukaitsitsa, nyimbo ndi yomweyo, anthu amavina chimodzimodzi, koma woyimba sakweranso pamwamba paja. Chipewa wakhala akutsitsa theka, kudikira miyezi ingapo, n'kutsitsanso theka. Kanayi. Mawu anga akamatsika, iye ankatsitsa pansi pomwe ndaponda kuti ndisaone kuti ndikumira.

"Ndiye kuti ankadziwa kuti mawu anu akuwonongeka? Zaka ziwiri?"

Ndinalemba: ee.

Ndipo si iye yekha. Kiyi siitsika ndi munthu mmodzi. Wa gitala anadziwa, wa besi anadziwa, anyamata a malipenga anachita kulemba manotsi atsopano. Kamtsikana kaja kanadziwa. Anthu asanu ndi atatu kumbuyo kwanga akundiphimba m'maso, ine ndili kutsogolo ndi diresi lonyezimira.

Chipewa anafika cha m'ma 4 koloko ndi malalanje ena. Mwana wanga anamuponyera fayilo pachifuwa, mapepala anamwazika pansi pa bedi.

"Ankolo, munawapha amayi anga ndi inu! Dokotala wanena kuti akanabwera msanga mawu akanatsala. Inu mumamva tsiku ndi tsiku, m'malo mowauza mumabisa!"

Anagwada kutola mapepala, mawondo akulira. "Noti ija inayamba kuwavuta. Tsiku lina inasweka anthu ali phwamwamwa m'holo, ena anaseka. Sindinafune kuti achitenso manyazi. Ndinkati ndi ukalamba chabe."

"Ndinu dokotala inu?"

Anayang'ana kwa ine. "Asisi?"

Ndinalankhula, ngakhale andiletsa. "Choka."

Anatuluka. Sajeni anabwera kudzakalipa kuti pano si pamsika.

Lachisanu, 14 Juni

Fomu ikadali pa kabati. Ili ndi mabwalo atatu a tiyi tsopano.

Wa besi waimba foni, mwana wanga wamuzazira mpaka foniyo yatentha. Sindinamuletse.

Sajeni akuti, "Bambo wa chipewa uja ali pa benchi pakhonde. Ndiwalowetse?" Ndinalemba: ayi. Akuti wakhala mpaka belu lotulutsa alendo.

Loweruka, 15 Juni

Nkhani yafika pa wailesi. Telala wandiyatsira pa foni yake ngati akundipatsa mphatso. Mnyamata wa pulogalamu ya masana, amene sanabadwe pamene ndinkatulutsa chimbale choyamba, akuti Namondwe ali m'chipatala ndipo woyimba kiyibodi wake anabisa matendawo kuti bandi isaime. Anthu akuimba foni kumutukwana. Wina wati amangidwe. Mayi wina analira, n'kutchula nyimbo imene si yanga.

Ndinafunsa mwana wanga ngati ndi iye anawauza. Akuti anangouza mnzake mmodzi.

Okonza shoo atumiza uthenga. Akuti pa 29 zichitika ndithu, kamtsikana kaja kayimba nyimbo zanga, ine ngati ndingathe ndikakhale pa mpando kutsogolo. Pa mpando, ngati mphika wa maluwa. Awonjezera kuti apeza wa kiyibodi wina, poti anthu sangafune kumuona uyo.

Chipewa ali pa benchi lero. Sajeni akuti mlendo wina anamuzindikira n'kumulavulira pafupi ndi nsapato.

Mpweya ukulira kwambiri ndikagona chagada. Andikweza ndi mapilo atatu.

Lamulungu, 16 Juni

Ndikulemba madzulo.

M'mawa ndinalowa kubafa n'kutseka chitseko. Mabafa amakometsa mawu, aliyense amadziwa. Ndinaima mowongoka, ndinapuma monga ndimaphunzitsira ena, ndinayamba mzere woyamba wa Nsapato. Osati mu A. Mu F momwemo, kiyi ya chisoni ija. Mawu atatu anatuluka. Achinayi sanatuluke, ndipo mpweya sunalowenso.

Ndinagwa pakati pa sinki ndi chitseko. Ndikukumbukira matailosi ozizira ndi chidebe cha buluu. Telala ndiye anamva, ndi khutu limodzi lomwelo, n'kukuwa mpaka anathyola loko. Anandinyamula ndili ndi sikipa yokha, wigi inatsala m'sinki, wodi yonse ikuonerera. Okosijeni, jakisoni awiri, dokotala wa pa ntchito akuthamanga ndi thireyi ya mipeni kuti mwina aboole pomwepo. Sanaboole.

Ndinachita mantha. Sindinadziwe kuti munthu akamafa amaganiza za mpweya wokha. Shoo sinabwere m'mutu ngakhale pang'ono.

Lolemba, 17 Juni

Ndasaina. Anachita kubweretsa fomu ina, yoyamba ija inali ya tiyi yokhayokha.

Dokotala wa magalasi anati ndasankha bwino. Ndinalemba: musandiyamikire ngati galu.

Magazi atengedwa mabotolo anayi. Mtima aupima, akuti ndi wolimba. Makilo 55.

Lachiwiri, 18 Juni

Dokotala akuti lero ndikhoza kulankhula pang'ono, palibenso choti tisunge.

Kwabwera mayi wophunzitsa anthu kulankhula akachotsedwa kholingo. Anatulutsa kamakina konga tochi, n'kukagunditsa pakhosi pake. Kanalira ngati njuchi yatsekeredwa m'chitini, m'katimo mukumveka moni. Anamwetulira kuti ndisangalale. Ndinamuuza kuti akagulitse kwa ana.

Telala amutulutsa lero. Anaima pa bedi langa ndi chikwama chake. "A Namondwe, mzere umodzi wokha, ndikauze anzanga kuti ndinamva komaliza." Ndinamuuza kuti anamva kale kubafa. Munthuyu anandipulumutsa, ndipo zikomo sindinanene. Linali pakamwa, koma anayamba kuyimba cham'mphuno akutuluka, ndiye linabwerera.

Mwana wanga anayatsa foni kuti ajambule mawu anga, adzukulu adzamve. "Nenani chilichonse, amayi." Ndinayang'ana kafoniko. Zaka 45 maikolofoni sinandiumitsepo pakamwa. Ndinati, "Muzimvera amayi anu, ndipo musamayimbe ngati simutha." Anati ndinenenso china chabwino. Ndinati batire itha.

Cha m'ma 4 Sajeni anabwera yekha, osatumidwa. Anakhala pamphepete pa bedi, zimene amaletsa ena.

"Agogo, bambo uja ali panja. Mawa simulankhulanso. Ngati pali choti muwauze ndi lero."

"Palibe."

"Ngakhale kuwatukwana?"

"Sindiwononga mawu anga pa iye."

Anadzuka n'kupita. Chinalipo choti ndinene. Kope ili mwana wanga amaliwerenga ndikapita kubafa, akuganiza kuti sindidziwa, ndiye sindichilemba.

Lachitatu, 19 Juni

Osadya, osamwa. Andiveka chovala chotseguka kumbuyo. Ndolo ndi wigi zili m'thumba la pulasitiki. Abwera kudzanditenga 8 koloko.

Loweruka, 22 Juni

Ndili moyo. Machubu paliponse. Kuwawa.

Lolemba, 24 Juni

Andibwezera ku bedi 7. Opaleshoni inatenga maola asanu ndi awiri. Akuti achotsa chonse, ndi mwanabere wa m'mbali mwa khosi. Chakudya chikudutsa pa kachubu ka m'mphuno, chamadzimadzi, kasanu pa tsiku. Kabowo amakapopa ndi makina maola awiri aliwonse, ndipo ndikatsokomola chifuwa chimatulukira pamenepo. Sindikumva fungo la chilichonse. Zimenezo sanandiuze.

Ndinayesa kuitana nesi. Milomo inayenda, lilime linayenda, osamveka kanthu. Ndinagogoda kapu ndi supuni.

Ndakhala ndikuganiza mawu anga omaliza anali ati. Pakhomo la chipinda cha opaleshoni, mnyamata wovala masiki anawerenga pepala n'kundifunsa tsiku lobadwa. Ndinamuuza. Anafunsa ngati ndili ndi mano oikirira. Ndinati, "Onse ndi anga." Basi. Mawu amene ankaimitsa holo ya anthu zikwi ziwiri anathera pamenepo, ndipo mnyamatayo anangochonga pa pepala.

Lachitatu, 26 Juni

Achotsa kachubu kamodzi ka m'bala. Ndayenda mpaka pa sinki ndi kubwerera. Ndinadziyang'ana pagalasi kamodzi, zakwana.

Pa bedi 8 aika mtsikana wa zotupa za m'mphuno. Sakundidziwa. Amangoseweretsa foni tsiku lonse. Ndimaganiza kuti ndipumula, koma zikundinyansa kuposa Telala.

Mwana wanga amabwera m'mawa asanapite kusukulu ndi madzulo akaweruka. Waphunzira kupukuta kabowo osachita tsinya. Manja ake ndi ofatsa, sanatengere ine.

Ndinalemba kwa Sajeni: alipo? Anati alipo, sanajombepo. Wachepa thupi, ndipo hotela imene amayimbako Lachisanu lililonse yamuuza kuti ayambe wapuma.

Loweruka, 29 Juni

Lero ndi tsiku lija. Mwana wanga akuti zikwangwani azisintha, alembapo kuti shoo yolemekeza Namondwe, ngati ndinafa. Kamtsikana katumiza maluwa. Ndawapereka kwa wokolopa.

Anyamata onse ali ku holo kuyesa zokuzira mawu. Mmodzi yekha ali pa benchi pakhonde, ndipo ndi amene analemba kayimbidwe ka nyimbo zonsezo.

Ndilemba tsopano, aliyense awerenge.

Ndinkadziwa. Ndinadziwa tsiku loyamba lomwe, mu Epulo muja. Noti yapamwamba ya Nsapato ndimaidziwa ngati dzino langa. Kwa zaka makumi atatu inkalirira kuseri kwa mphuno, pakati pa maso. Tsiku limenelo inalirira m'munsi, ndipo ndinaikwera mosavuta ngati sitepe ya pakhomo. Palibe woyimba amene angatsitsiridwe kiyi osamva. Ndinamva kachiwiri, kachitatu, kachinayi. Nthawi iliyonse ndinkatsika pa siteji n'kumuuza kuti, "Lero wayimbako ngati munthu." Ndinkaopa kuti ndikafunsa andiyankha, ndipo akandiyankha ndiyenera kupita kwa dokotala, ndipo dokotala andiuza kuti ndisiye. M'mawa uliwonse ndinkadzuka mawu atasasa, n'kumwa madzi otentha a uchi, n'kunena kuti ndi fumbi. Dokotala ndinamunamiza miyezi iwiri ndikudziwa.

Fayilo itatseguka ndinaona mwana wanga akufuna munthu woti amuluma, ndipo ndinamupatsa Chipewa. Ndinali ndi mawu masiku asanu ndi limodzi oti ndikonze zimenezi. Ndinawasunga mpaka anawadula.

Ndasiya kope lotsegula pa kabati. Ndikupita kubafa, ndikachedwako dala.

Lamulungu, 30 Juni

Anawerenga dzulo. Nditabwerera ndinamupeza ataima pawindo, atandifulatira. Sanandikalipire. Anapukuta kabowo, anakonza mapilo, ananyamula chikwama n'kupita osatsanzika. Ndikanakonda akanakalipa.

Lero wabwera 4 koloko, maso ali otupa. Kumbuyo kwake kunali Chipewa. Mwana wanga anamukokera mpando n'kunena, "Ankolo, pepani. Ndapita kale ku wailesi, akuti anena zoona zake mawa, ngati anene." Kenako anatuluka.

Jekete likumukhwepa. Anaona khosi langa n'kuthawitsa maso, kenako anawabweza, n'kuyang'ana bwinobwino. Ndinamupatsa kope pa tsamba la dzulo. Amawerenga pang'onopang'ono, chala chikutsata mzere. Atamaliza anatseka n'kundibwezera ndi manja awiri.

"Ndinkadziwa kuti mukudziwa, Asisi. Tsiku loyamba lija, nditangoyamba nyimbo, munatembenuka n'kundiyang'ana. Ndinati lero ndachotsedwa ntchito. Inu munangotembenukanso n'kuyimba."

Ndinalemba: ndiye bwanji sunanene pamene mwana amakutukwana?

"Munali ndi khansa. Ndinati izi ndinyamule ine."

Ndinalemba: anakulavulira.

"Anaphonya."

Ndinafuna kumukalipira kuti wodi yonse imve. Kuti akanandikokera kwa dokotala ndi tsitsi, kuti zaka 38 wakhala akundivomera chilichonse mpaka wandivomera ndi ichi chomwe, kuti tonse awiri ndife amantha ndipo ine ndiye wamkulu wake. Ndinatsegula pakamwa. Pa kabowo panatuluka mpweya wokha, n'kugwedeza kansalu kophimbira.

Ndinatenga bolopeni n'kulemba liwu limodzi, kukanikiza mpaka pepala linabooka: chitsiru.

Anawerenga, anagwedeza mutu kuvomera, n'kukhazikika bwino pa mpando. Belu lotulutsa alendo litalira anayamba kudzuka. Ndinamugwira jekete.